Mafunso a Owerenga: Kuyenda pa Ndege ndi Banja pa Mipando ya Economy

Ambiri mwa makalata amene afika mwezi uno akukhudza maulendo a pa ndege, makamaka ochokera kwa makolo amene akukonzekera kuyenda ndi ana kapena ndi okalamba. Tasankhapo anayi, ndipo maina a olemba sitinawatchule monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa ana atatu. Miyezi ingapo yapitayo ine, mkazi wanga ndi ana tinanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kupita ku UK kukaona mlongo wanga, ndipo tinasintha ndege panjira. Ndalama za matikiti tinazisonkhanitsa movutikira, choncho tinagula a economy. Titalowa m'ndege yaikulu ija tinapeza kuti atimwaza: ine kumbuyo kwenikweni, mayi ndi khanda la miyezi 6 pakati, ndipo ana a zaka 9 ndi 5 anakhala ndi anthu osawadziwa mpaka mzimayi wina anatimvera chisoni n'kusinthana nafe. Munthu wa kutsogolo kwa mkazi wanga anagonekera mpando wake kumbuyo moti mwana analibe pomuika. Ana anakana chakudya, mkazi wanga anatupa miyendo, ndipo potera khanda linalira kwambiri anthu akutiyang'ana. Tinachita manyazi. Pakutha pa chaka tikufunika kupitanso chifukwa cha ukwati. Kodi zonsezi zinachitika chifukwa tinalipira ndalama zochepa? Kodi ndikongole kuti ulendo uno tikakwere business?
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo, pepani ndi zimene munakumana nazo, koma chonde musakongole ndalama chifukwa cha mpando wa maola owerengeka. Tikiti ya business pa ulendo wautali ngati umenewu imaposa ya economy kangapo, ndipo kwa banja la anthu asanu ngongole yake mungakhale nayo zaka. Chimene a business amagula ndi malo otakasuka, mpando wogoneka ngati bedi, ndi chakudya chosankha. Ndege ndi yomweyo, oyendetsa ndi omwewo, ndipo malamulo a chitetezo sasiyana. Kuthithikana kwa ku economy n'koona ndipo sikudzasintha, pakuti mtunda wochokera pa mzere umodzi wa mipando kufika pa wina umakhala masentimita 76 mpaka 81 m'ndege zambiri. Komabe zambiri zimene mwatchulazi zimakonzeka munthu asanachoke pakhomo, ndipo zina mwa izo n'zaulere, kungoti makampani a ndege samupatsa munthu amene sanapemphe.

Tiyambe ndi za kumwazidwa, chifukwa ndi zimene zandikhudza kwambiri. Mwana wa zaka 5 sayenera kukhala pakati pa anthu osawadziwa usiku wonse. Onetsetsani kuti banja lonse lili pa booking imodzi, ya nambala imodzi, ndipo ajenti wokugulitsani matikiti walemba tsiku lobadwa la mwana aliyense, chifukwa kompyuta imene imagawa mipando imangoona zimene zinalembedwa. Mipando muisankhe pogula matikiti, ndipo ngati kampaniyo imalipiritsa posankha, dikirani nthawi imene amatsegula check-in ya pa intaneti (kutsimikiza kuti mukwera ndegeyo n'kutenga mpando), imene nthawi zambiri imakhala maola 24 mpaka 48 ndege isananyamuke, n'kuchita nthawi yomweyo. Banja limene lafika pa kauntala mochedwa limapatsidwa mipando yotsala. Chitaninso chimodzimodzi pa ndege yachiwiri imene mukakwere panjira, pakuti anthu ambiri amakonza ya ku Lilongwe yokha n'kuiwala yaikuluyo, imene ndiyo ya maola ambiri. Ndege za mtundu wa Boeing 737, zimene timaziona kawirikawiri pa Kamuzu ndi pa Chileka, zili ndi mipando itatu mbali iyi ndi itatu mbali inayo, pamene Boeing 787 ndi Airbus A350 zili ndi mipando 9 pa mzere, itatuitatu, ndi tinjira tiwiri pakati. Inu mukufunika mipando inayi, choncho njira yabwino ndi kutenga itatu yoyandikana kenaka umodzi wa tsidya la kanjira pa mzere womwewo, kuti makolo awirinu muzitha kupatsirana mwana osadzutsa munthu wina.

Zikakanika, lankhulani pa kauntala, kenaka pa geti yokwerera, mwaulemu koma osachita mantha. Bungwe loyang'anira za ndege ku UK, Civil Aviation Authority, limalangiza kuti ana aang'ono azikhala pa mzere umodzi ndi wamkulu amene akuyenda nawo, ndipo zikavuta asatalikirane kupitirira mzere umodzi. Chifukwa chake ndi chitetezo: pakagwa ngozi kholo limathamangira kumene kuli mwana wake m'malo mopita pa khomo, zimene zimachedwetsa aliyense. Mpweya ukachepa m'ndege ndipo zopumira zikatsika, munthu amakhala ndi nthawi yosakwana mphindi imodzi asanayambe kusokonezeka mutu, n'chifukwa chake amati muvale chanu kaye musanaveke mwana, ndipo zimenezi sizingatheke ngati mwanayo ali mizere khumi kutsogolo. Dziwaninso kuti banja la ana sililoledwa pa mzere wa khomo lotulukira pa ngozi, ngakhale kuti pamenepo m'pamene pali malo otambasulira miyendo.

Za khanda. Pa ulendo wathawu mukanatha kupempha kabedi ka mwana kamene amakakoleka pa khoma la kutsogolo kwa mzere woyamba wa chigawo chilichonse. Timabedi timeneti timakhala tochepa kwambiri m'ndege, amapatsa woyamba kupempha, ndipo makampani ambiri amalola mwana wosapitirira makilogalamu 10 kapena 11. Ubwino winanso wa mzere umenewu ndi wakuti kutsogolo kulibe mpando woti wina augoneke. Koma pofika ulendo wa ukwatiwo mwana wanu adzakhala atakulirapo, ndipo n'kutheka kuti sadzakwanamo. Mwana wosafika zaka 2 amaloledwa kukhala pamiyendo pa kholo, amamangidwa ndi kalamba kake kolumikizidwa ku lamba wa mayi, ndipo pa maulendo a kunja amalipira pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa munthu wamkulu. Apa m'pamene ndikukulangizani kuti ngati muli ndi kandalama kapadera, mumugulire mwanayo mpando wake pa mtengo wa ana, umene m'makampani ambiri umakhala pafupifupi 75 peresenti. Kunyamula mwana woyenda kale pamiyendo maola 8 n'kotopetsa kuposa kuthithikana kwa mpando, ndipo ndalama imeneyi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya business. Kwa owerenga ena amene ana awo ayandikira zaka 2, zaka zimawerengedwa pa tsiku lokwera ndege, moti mwana amene wakwanitsa zaka 2 muli kunja amafunika mpando wake pobwerera.

Kulira kwa potera kuja kunali ululu wa m'makutu. Ndege ikakhala m'mwamba, mpweya wa mkati mwake umafanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati pamwamba pa phiri la Zomba kapena ku Nyika. Ikayamba kutsika, pafupifupi theka la ola isanatere, mpweya umayamba kukankha khutu kuchokera kunja, ndipo kanjira kolumikiza khutu ndi kukhosi kamayenera kutseguka kuti mbali ziwirizi zifanane. Kwa ana kanjirako ndi kakang'ono ndipo kamatsekeka msanga, makamaka akakhala ndi chimfine. Mankhwala ake ndi kumeza. Mayi ayamwitse kapena apereke botolo ndege ikangoyamba kutsika, osadikira kuti mwana ayambe kulira, ndipo mwana amene wagona mumudzutse. Aakuluwo muwapatse switi yoyamwa kapena madzi oti azimwa pang'onopang'ono. Mwana amene khutu likumupweteka kale aonedwe ndi dokotala ulendo usanafike. Pali chizolowezi chimene ndikupempha makolo kuti achisiye, chopatsa ana Piriton kapena Phenergan kuti agone. Phenergan ndi woopsa kwa mwana wosafika zaka 2 chifukwa amatha kufooketsa kapumidwe, ndipo ana ena mankhwala oterewa amawabalalitsa m'malo mowagoneka.

Amene anagoneka mpando uja sanaphwanye lamulo, koma mpando uyenera kudzutsidwa ponyamuka ndi potera, ndipo pa nthawi ya chakudya ogwira ntchito m'ndege amatha kumupempha kuti audzutse. Uzani iwowo m'malo mokangana naye nokha. Chakudya cha ana chilipo pa maulendo aatali, chaulere, koma chimaitanitsidwa kudakali maola 24 mpaka 48. Tenganinso zimene ana anu anazolowera, monga mabisiketi, buledi ndi nthochi. Lamulo la zamadzimadzi, limene linayamba mu 2006, limalola, m'mabwalo ambiri a ndege, mabotolo osapitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja, koma mkaka ndi chakudya cha khanda zimaloledwa kupitirira apo mukazionetsa kwa achitetezo. Matewera atengeni oposa amene mukuganiza kuti akwanira, pamodzi ndi zovala zosinthira za mwana ndi za mayi, ndi majuzi, pakuti m'ndege mumazizira usiku.

Kutupa miyendo kwa mayi kusakuchititseni mantha ngati miyendo yonse iwiri inatupa mofanana n'kuphwa pasanathe tsiku. Choopsa ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'mwendo. Kafukufuku wa bungwe la World Health Organization wa mu 2007 anapeza kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza kawiri munthu akakhala pansi maola 4 kapena kupitirira, ngakhale kuti chimakhalabe chochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 6,000. Amayi oyembekezera, amene angobereka kumene, ndi amene akumwa mapiritsi ena olerera ali pa chiopsezo chokulirapo. Mayi azidzuka n'kuyenda m'kanjira chizindikiro cha lamba chikazima, azigwedeza mapazi ali pampando, ndipo azimwa madzi pafupipafupi chifukwa mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena munthu akayamba kubanika masiku otsatira ulendo, athamangire ku chipatala.

Za manyazi, Bambo, ndikuti musawasenze. M'basi ya ku Mzuzu mwana akalira amayi anzake amamulandira n'kumutonthoza, pamene m'ndege aliyense amakhala payekha, ndipo mwina n'zimene zinakupwetekani. Khanda limene makutu akulipweteka lilibe njira ina yonenera, ndipo inu munalipira tikiti mofanana ndi aliyense amene anakuyang'anani.

FUNSO: Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndikufuna mayi anga a zaka 72 abwere kudzacheza, atenge mdzukulu wawo wa zaka 7, mwana wa mng'ono wanga. Sanakwerepo ndege, Chingerezi sachimva, mawondo amawavuta, ndipo amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Kodi angathe okha?
Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO: Angathe, Mayi, ngati mutawakonzera bwino. Agulireni tikiti ya ndege yopita ku Johannesburg osasintha panjira. Kuchokera ku Chileka kapena ku Kamuzu ulendowu ndi wa maola awiri ndi mphindi zingapo, ndipo nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi, choncho ndondomeko yawo ya mankhwala sisokonekera. Malawi Airlines ndi Airlink zimayenda njira imeneyi, ndipo kwa agogo osamva Chingerezi ndege ya kwathu ili ndi ubwino wakuti angapezemo wolankhula naye Chichewa.

Chachikulu n'chakuti muwapemphere wilitcheya pogula tikiti, kapena kudakali maola 48. Thandizo limeneli ndi laulere, ndipo si la anthu osayenda okha. Bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg ndi lalikulu, mtunda wochokera pa ndege kukafika kwa a Immigration ndi wautali, ndipo amene akukankha wilitcheyayo amawadutsitsa pa mzere, amawathandiza kutenga katundu n'kuwafikitsa pamene inu mukudikira. Okalamba ambiri amakana poopa kuoneka odwala, choncho muwafotokozere kuti munthuyo ndi wowalondolera njira. Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo atenge kachakudya kuti shuga asatsike ndege ikachedwa. Muwalembere pa pepala dzina lanu, nambala ya foni ndi kumene mumakhala, m'Chingerezi, kuti angoonetsa akafunsidwa.

Za mwanayo musazitenge mopepuka. Mu 2015 dziko la South Africa linakhwimitsa malamulo a ana olowa ndi kutuluka, ndipo ngakhale kuti mu 2019 linawafewetsa kwa ana a mayiko ena amene akuyenda ndi akuluakulu, mwana amene ali ndi munthu amene si kholo lake amafunsidwabe mafunso, kuyambira pa bwalo la kwathu komweko, kumene lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015 likugwira ntchito. Mwanayo akhale ndi pasipoti yake, chiphaso cha kubadwa chochokera ku National Registration Bureau, kalata ya chilolezo yosainidwa ndi makolo ake pamaso pa wolumbiritsa, ndi makope a ziphaso za makolowo okhala ndi nambala zawo za foni. Wa pasipoti ya Malawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza, choncho tikiti yobwerera igwirizane ndi masikuwo. Munthu wopitirira masiku amene anamudindira amaletsedwa kulowanso, kwa chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, ndi zaka 5 ngati waposa pamenepo.

FUNSO: Ndili ndi pakati ndipo pa tsiku la ulendo wokaona amuna anga ku Nairobi mimba idzakhala ya masabata 30. Kodi adzandilola kukwera?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Makampani ambiri amalola mayi woyembekezera mpaka masabata 36 ngati mwana ali mmodzi, ndi masabata 32 ngati ali mapasa, koma kuyambira masabata 28 amafuna kalata ya dokotala yonena tsiku loyembekezera kuchira ndi yotsimikiza kuti mimba ilibe vuto. Werengani masabata a tsiku lobwerera, chifukwa ndi limene limakanitsa anthu ambiri. Sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira, lamba mumange m'munsi mwa mimba, ndipo zimene ndauza bambo a ku Area 25 zokhudza miyendo zikukhudzani inu koposa. Funsaninso adokotala za yellow fever. Kenya ili m'gulu la mayiko amene matendawa amapezeka, ndipo pobwerera mungafunsidwe kakhadi kachikasu kosonyeza kuti munabayitsa katemera wake. Ngati munabayitsa kale, katemera mmodzi amakwanira moyo wonse malinga ndi malamulo a zaumoyo a dziko lonse kuyambira mu 2016. Ngati simunabayitse, katemerayu kawirikawiri saperekedwa kwa oyembekezera, ndipo adokotala ndi amene angaone ngati akulembereni kalata yokupatulani.

FUNSO: Tikupita ku Manchester banja lonse, ndipo achibale atituma usipa, chambo chowamba, mpunga wa Kilombero, Nali ndi nyama youmitsa. Ena abweretsa timaphukusi toti tikapatse ana awo. Tingatenge ziti, ndipo makilogalamu tiwawerenge bwanji?
Wowerenga wa ku Mangochi

YANKHO: Nyama isiyeni. Dziko la UK sililola nyama kapena zopangidwa ndi mkaka zochokera ku mayiko ngati Malawi, kaya ndi yowamba kapena youma, ndipo ikapezeka amailanda, mwinanso kukulipiritsani chindapusa. Koma mkaka wa ufa wa khanda umaloledwa, mpaka makilogalamu 2, uli m'chitini cha kufakitale. Nsomba zimaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu ngati zili zouma, zowamba, zophika, kapena zaziwisi zotumbula, choncho usipa ndi chambo mungatenge. Muzikulunge m'mapulasitiki angapo otseka bwino ndipo muziike m'chikwama chosiyana ndi cha zovala. Mpunga umaloledwa, koma ndiwo zamasamba zaziwisi, mbewu ndi zipatso zambiri zimafuna chiphaso cha zaulimi, ndipo chifukwa malamulowa amasintha, onani tsamba la boma la UK sabata ya ulendo. Nali ndi yamadzimadzi, choncho ilowe m'katundu wopita kunsi kwa ndege. Mapawa banki ndi mabatire apadera a foni, m'malo mwake, amayenda m'chikwama cha m'manja basi, chifukwa akapsa kunsi palibe angawazimitse.

Kuchuluka kwa katundu kwalembedwa pa tikiti yanu. Pa maulendo ochokera ku Africa kupita ku Ulaya matikiti ambiri a economy amalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse ndi chimodzi cha m'manja cha makilogalamu pafupifupi 7, koma matikiti otsikitsitsa mtengo amatha kulola chimodzi chokha. Muyeso ndi wa chikwama chilichonse pachokha, moti cha makilogalamu 27 chimalipiritsidwa ngakhale chinzake chili ndi 19, ndipo chopitirira 32 sachilandira n'komwe. Pimani zonse kunyumba, kuti musamasule mitolo ya usipa pa kauntala anthu ali pa mzere. Zovala za munthu aliyense muzigawe m'zikwama zingapo, kuti chimodzi chikatsalira panjira pasakhale mwana wosowa chovala m'dziko lozizira.

Timaphukusi ta anthu timandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. N'zovuta kukana mnansi amene akufuna kutumizira mwana wake, koma chilichonse chili m'chikwama chanu ndi chanu pamaso pa lamulo, ndipo a kasitomu samva zakuti munangotumidwa. Phukusi lililonse litsegulidwe mwini wake ali pomwepo, muone chili mkati, kenaka mulongedze nokha. Amene akukana kuti mutsegule, mubwezereni phukusi lake.

Chikwama chikapanda kutuluka ku Manchester, musachoke m'chipinda cholandirira katundu musanapite ku ofesi ya katundu wosowa. Kumeneko mudzaonetsa timapepala ta nambala timene amamata pa tikiti kapena pa pasipoti ku Lilongwe, ndipo adzakulemberani lipoti lokhala ndi nambala yotsatirira. Chikwama chikafika chitawonongeka muli ndi masiku 7 oti mudandaule polemba kalata, chikafika mochedwa muli ndi masiku 21 kuchokera tsiku limene mwachilandira, ndipo malisiti a zovala ndi zina zofunika zimene mwagula podikira muwasunge, chifukwa adzawafuna pokubwezerani ndalama.